Kukaonetsa Boma Kuti Tili Moyo

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi ndinabwerera kwathu, kufupi ndi Namitete, ndi katundu wosadzaza ngolo. Abambo akunyumba anali atatisiya kale, ana onse ali m'tauni, wina ku Joni. Moyo wanga wonse ndinkakalipira ana asukulu kuti akhale chete, ndiye tsiku lina ndinangopezeka m'nyumba ya zii, yopanda ndi wotsokomola yemwe. Ndinayamba kukalipira nkhuku.

Masiku amenewo ife apenshoni tinkaitanidwa kamodzi pa chaka ku ofesi ya m'tauni kukaonetsa nkhope, kuti boma litsimikize kuti silikulipira anthu a kumanda. Ulendowo ndinkadana nawo, ndipo sindinkabisa. Minibasi ya m'mamawa, kuthinana ngati matumba a mtedza, kuima pa Mpingu, kuimanso pa Njewa, kondakitala akulonga anthu pamiyendo pathu. Ukafika, mzere wa nkhalamba wazungulira kale khonde lonse, mabenchi ochepa, dzuwa likuswa mtengo.

Pa mzere womwewo ndi pamene ndinadziwana ndi mayi wina wa ku Nambuma, naye mphunzitsi wopuma, naye wamasiye. Anali wamfupi, wa mawu ochepa, sankasiyana ndi ambulera yakuda ngakhale m'chilimwe. Tsiku loyamba ndinali kulalatira kalaliki wina chifukwa cholowetsa mnzake kutsogolo, ndipo mayiyo anandikoka chitenje.

"Khalani pansi, aphunzitsi," anatero. "Mukafera pano mutichedwetsa tonse."

Ndinaseka, n'kukhaladi pansi. Kuchokera pamenepo sitinkaitanana maina. Iwo ankanditchula kuti a ku Namitete, ine ndinkawatchula kuti a ku Nambuma. Ankafika msanga kuposa ine chaka chilichonse, ndipo ankagoneka ambulera ija pa benchi kundisungira malo. Wina akafuna kukhalapo ankangoti, "Pepani, pano pali munthu." Ine ndikangotulukira pa geti, thukuta kamukamu, moni wawo unali umodzi.

"Kodi a ku Namitete, simunafe?"

"Ndingafe bwanji boma lisanasaine?"

Ine ndinkabweretsa thobwa m'botolo, iwo mtedza wokazinga. Tinkakambirana za nyamakazi, za ana osaimba foni, za abusa atsopano amene amalalikira ngati akuthamangitsidwa. Zina zimene ndinawauza mayi aja sindinauzepo munthu wa kumudzi kwathu, chifukwa kumudzi nkhani ya m'mawa imafika ku chitsime usanasambe m'maso. Iwo ankamva, n'kupita nazo ku Nambuma. Foni analibe, ankati khutu limodzi linatseka kale ndipo linalo akulisungira ulaliki. Sitinkaona vuto. Posiyana pa depoti tinkangoti tionana pa mzere.

Kenaka chaka china analengeza kutchalitchi kuti ulendo wa m'tauni watha. Zonse zalowa m'makompyuta, antchito a boma azibwera okha ndi makina pa sukulu yoyandikira, aliyense kwawo. Anthu anaomba m'manja, ine ndinaomba kuposa onse, poti amene ankadandaula kwambiri ndinali ine. Walira mvula walira matope.

Tsikulo litafika ndinavala chitenje changa chabwino, n'kuthira thobwa lodzaza botolo monga mwa masiku onse. Pa sukulupo panali tebulo, mtsikana wa boma waulemu wake, ndi kamakina kokwana m'manja. Anatenga chitupa changa cha unzika, ndinadinda chala pa kagalasi, anandijambula, basi.

"Mwamaliza, amayi. Zikuonetsa kuti zonse zili bwino."

"Ndamaliza chiyani?"

"Zonse. Mutha kumapita."

Kunena zoona, zinthuzo zinali zabwino, sindinganame. Palibe anandikankha, palibe analowetsa mnzake kutsogolo, mawondo sanawawe. Koma ndinafika pakhomo mame asanaume, nkhuku zikundiyang'ana modabwa. Ndinakhala pakhonde ndi botolo lija. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti tsiku limene ndinkalitukwana chaka chonse linali tsiku lokhalo limene munthu wina ankandidikira. Ndinasungulumwa koopsa. Thobwalo ndinamwa theka, lotsala linasasa.

Chaka chotsatira funso limodzi linandikhala pamtima: kodi a ku Nambuma ali moyo? Pa mzere paja tinkadziwa amene wapita poona malo ake opanda munthu. Tsopano ndikanadziwira pati? Mtsikana uja atabweranso ndi makina ake ndinamufunsa.

"Zambiri masiku ano zili poyera, amayi," anatero, n'kundionetsa pa foni yake. "Aliyense atha kuona kuti apenshoni alipo angati m'boma lililonse."

"Nambalayo ndaiona, mwanangu. Ine ndikufuna munthu mmodzi, wamfupi, wa ambulera yakuda."

Ndinamutchulira dzina. Anapepesa, nati za munthu wina saloledwa kuulula, monganso za ine sangauze wina. Ndinang'ung'udza, koma mwanayo sanalakwe.

Titakolola ndinatseka nyumba, nkhuku ndinasiyira aneba, n'kuuyatsa ulendo. Kuchokera kwathu kupita ku Nambuma umadutsa m'tauni kaye, kenaka galimoto ina, kenaka njinga yamoto ya kabaza. Njira yonse mtima unali m'mwamba. Ndinakafunsa pa tchalitchi, chifukwa mphunzitsi wopuma wa mpingo wathu sangasowe pamenepo. Amayi amene ankasesa panja nditawatchulira dzina ndinawayang'anitsitsa pakamwa, kudikira mawu akuti pepani. Iwo anangoloza ndi tsache.

"Nyumba ya njerwa iyo, kuseri kwa chigafa cha fodya. Muwapeza pakhonde, sachokapo."

Miyendo inapepuka ngati ya mtsikana. Ndinayenda ndikukonza kale zowanyoza.

A ku Nambuma anali pa benchi, atavala bwino, duku lomangidwa mwaluso, nsapato kuphazi. Pambali pawo panagona ambulera ija. Ndisanafike pafupi, mwana wawo wamkazi anatuluka kudzandilonjera, ndipo nditamuuza kumene ndachokera anagwira pakamwa. Ananditengera pambali.

"Amayi mutu unasokonekera," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale ine nthawi zina amandifunsa kuti ndine mwana wa yani. M'mawa uliwonse amavala chonchi, amati akukaonetsa nkhope ku boma. A makina aja anabwera, ndinawagwira dzanja n'kudinditsa, anati zonse zili bwino."

Ndinamva, koma sindinakhulupirire. Ndinati ena angaiwalike, osati ine. Ndinaima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Kodi a ku Nambuma, simunafe?"

Anandiyang'ana mwaulemu, ngati mmene umayang'anira mlendo amene wasochera njira.

"Muli bwanji, amayi? Mzere ukuyambira uko."

Ndinatambasula dzanja kuti ndichotse ambulera ndikhale. Anaigwira msanga, mphamvu zake zosayembekezeka.

"Pepani, pano pali munthu. Akuchokera kutali, ku Namitete. Amachedwa ndi minibasi."

"Ndine amene, anzanga. Ndafika."

Anandiyang'ananso, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuseka pang'ono.

"Ayi, amayi. Iwo aja ndi olongolola. Akanafika mukanawamva ali pa geti."

Misozi inatsika, ndipo sindinaibise. Iwo anaona, nasendera pang'ono kumapeto kwa benchi kuti mbali inayo papezeke malo.

"Musalire, amayi, mzerewu umayenda. Khalani apa."

Ndinakhala. Ndinatulutsa botolo la thobwa, anamwa, nati ndi labwino koma silikufika pa la anzawo. Mwana wawo anabweretsa mtedza m'mbale. Tinadya maso ali kumsewu, kudikira a ku Namitete, mpaka wa kabaza anabwera kudzanditenga dzuwa litapendeka.

Ndikukwera njinga ndinacheuka. Anali kukonza ambulera ija pa benchi kuti igone bwino, pasakhale munthu wina.