Mango Amene Ndinakana ku Ntaja

Chaka cha njala chija ndinali nditangomaliza sukulu. Bungwe lina loona za ufulu wa anthu, lomwe linali ndi nthambi m'maiko angapo oyandikana nafe, linanditenga kuti ndiphunzire ntchito pa ofesi yake ya ku Balaka. Ophunzirafe tinalipo atatu, koma malo a ntchito yokhazikika anali amodzi okha. Kwathu ku Phalula mayi anga anali atasiya kugulitsa m'mbali mwa msewu chifukwa chogulitsacho kunalibe, ndiye malowo ndinkawafuna ndi mtima wonse. Ndisaname, anzanga awiri aja ndinkawasekerera ndi mano okha.

Ntchito yathu inali kulemba madandaulo a anthu amene anasiyidwa pa kaundula wa chimanga cha thandizo. Wodandaula akadinda chala papepala, bungwe linkakalimbana ndi ogawa chimangawo, ndipo kawirikawiri dzina linkalowa m'kaundula. Lamulo lalikulu linali lakuti tisalandire kalikonse kwa wodandaula, ngakhale chikho cha thobwa, kuopa kuti anthu angamati ufulu timachita kugulitsa. Linali lamulo labwino, ndipo ine ndinaliloweza ngati katekisimu.

Tsiku lina ndinapita kumudzi wina kuseri kwa Ntaja ndi abwana anga, bambo amene ankalemba za kagwiridwe kathu ka ntchito. Kabaza anatisiya pakhomo pa mayi wina wamasiye, Msilamu, wa ana anayi. Pa nthawi ya kalembera mayiwo anali pa eda, miyezi imene mkazi wofedwa mwamuna satuluka pakhomo, choncho olemba maina anangowadumpha. Abwana anakakhala pansi pa mtengo chapatali, kuti nkhaniyo ndiimve ine mkazi mnzawo. Koma ankationa.

Mayiwo anandiyalira mkeka n'kundilonjera m'Chiyao, ndipo ataona kuti ndangoti kakasi anatembenukira ku Chichewa. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kambale ka mango aawisi ophika. Pakhomopo chakudya cha tsikulo chinali chomwecho. Anagwada n'kuika mbaleyo patsogolo panga.

"Iyayi amayi, zikomo," ndinatero. "Kuntchito satilola."

"Ndi oyera, mwanangu. Ndatsuka ndekha."

"Si zimenezo. Apatseni anawa."

Mawu omalizawa ndi amene anaononga zonse. Ndinakulira m'mudzi ine, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti kuuza mwini khomo kuti chakudya apatse ana ake n'kumuuza kuti umphawi wake wauona. Kunangofunika kunyema pang'ono, kulawa, n'kubweza mbale ndi manja awiri. Koma maso anga anali pansi pa mtengo paja.

Mayiwo anatenga mbale ija, n'kukonza mpango wawo kumutu. Nditatulutsa pepala ndi kuyamba kufunsa, anati, "Ife tili bwino. Mulungu akutisunga." Ndinafunsa ngati analandirako chimanga. "Dandaulo palibe, mwanangu. Kalembeni ena." Ndinachonderera, ndinafotokoza za ufulu wawo mwaluso ngati mmene anatiphunzitsira, koma chala sanadinde. Ana anayi aja anali atatsamira khoma, akundiyang'ana. Pamzere wa dzina lawo ndinalemba kuti akana kudandaula.

Pobwerera abwana anandiyamikira kuti ndasunga lamulo pamalo ovuta. Zomwe tinayankhulana ndi mayi aja sanazimve, ndipo ine sindinawauze. Ndinaopa kuti ndikaulula, malo aja apita kwa mnzanga. Mpaka lero ndimadzikwiyira ndikakumbukira mmene ndinagwedezera mutu modzichepetsa, mtima ukukondwera.

Kalata ya ntchito inabwera patapita miyezi iwiri. Mayi anga analira ndi chimwemwe. Sabata yoyamba yomweyo ndinakwera minibasi ndekha kubwerera ku Ntaja, ndi pepala latsopano m'chikwama, nditatsimikiza kuti ulendo uno chilichonse chimene andipatse ndidya.

Ndinapeza chitseko chili chomanga ndi luzi. Mayi wina woyandikana nawo anandiuza kuti chimanga chinabwera kawiri m'mudzimo, koma pakhomopo sichinafike. Anati mnzawoyo anawoloka nyanja ya Chiuta kukafuna ganyu ku Mozambique, ndi ana atatu. Wamng'ono anamuika m'manda sabata imodzi asananyamuke.

Kenako anandiyang'ana bwinobwino n'kufunsa, "Kodi inu ndinu abale awo?"

"Iyayi," ndinayankha. "Ndine wa zaufulu wa anthu."

Aka kanali koyamba kutchula ntchito yanga pamaso pa munthu, ndipo ndinachita manyazi.