Timapepala Tachikasu ndi Mtima wa a Samalani

Ntchito ya pachipatala cha mtima ku Area 9 ndinaipeza pamaliro. Ndinali nditapuma m'boma, kumene ndinasunga mafayilo zaka makumi atatu, ndipo pamalirowo ndine ndinkalemba mayina a odzapepesa. Dokotala Mwale, mwini chipatalacho, anaima kumbuyo kwanga akusuzumira m'kope. "A Nkhoma, malembedwe amenewa ndikuwafuna Lolemba," anatero. Kalata yondilembera ntchito ndikali nayo.

Makina athu a sikani amaoneka ngati tayala lalikulu loimika. Wodwala asamwe tiyi kapena khofi m'mawa. Timamuyeza pasikelo, timawerenga kugunda kwa mtima, ndipo ngati ukuthamanga amamwa piritsi n'kudikira kuti ukhazikike. Kenako namwino amamubaya pamkono kulowetsa mankhwala owalitsa mitsempha, iye n'kugwira mpweya makina akujambula.

Pachithunzi dokotala amafuna zinthu ziwiri. Choyamba, ngati mitsempha yodyetsa mtima yatsekeka. Chachiwiri, maonekedwe a mafuta okuta mitsemphayo. Anandifotokozera kuti mtsempha ukatupa, mafutawo amasintha. "Njira ikhoza kukhala yotseguka, koma khoma lake likunyeka chamumtima. Munthu wotere ndiye amagwa mwadzidzidzi. Tikamuona msanga, timamuthandiza."

Ine ndinali pasikelo. Aliyense wolowa m'makina ndinkamulembera kapepala kachikasu: nthawi, kulemera kwake, kugunda kwa mtima, ndi mtundu wa malaya amene wavula. Namwino wathu Tadala ankandiseka. "Agogo a mapepala! Zonsezi zili m'kompyuta. Mukufuna kutiwetera makoswe?" Kawiri konse anafuna kutentha katoni yanga yosungiramo timapepalato. Nkhani imeneyo mpaka lero sindinaiiwale.

Lachiwiri lina kunabwera a Chunga a ku Area 43, munthu wamimba yake, ndi wam'dimba wawo a Samalani, wochepa thupi ngati mpini wa khasu. A Samalani ankamva kulasa pachifuwa akamakankha wilibala, choncho mayi a kunyumba kwa a Chunga analamula kuti onse awiri ajambulidwe. Zotsatira zinatuluka Lachisanu. Chithunzi cha dzina la a Chunga chinaonetsa mitsempha yotupa kwambiri. Cha a Samalani chinali bwinobwino. A Chunga anatuluka atagwira pachifuwa, akulankhula za kusiya masiye. A Samalani anauzidwa kuti n'kutopa chabe, ndipo anapatsidwa tchuthi cha mwezi kuti akapume kumudzi. Aliyense akudziwa kupuma kwa kumudzi mu Okutobala: ndi kugalauza munda.

Masana a tsiku lomwelo ndinakhala pansi kumata timapepala tanga m'mafayilo. Ka naini koloko: makilogalamu 57, malaya a khaki. Ka leveni koloko: makilogalamu 98, malaya oyera. Koma kompyuta inkati wa naini koloko ndi a Chunga. A Chunga makilogalamu 57? Mwendo umodzi kapena?

Ndinalowa kwa dokotala osagogoda, n'kuwaonetsa timapepala tiwirito. Tadala, amene anali momwemo, anatsutsa: "Ine ndinalemba dzina la pafayilo imene munthuyo ananyamula."

Apo m'pamene ndinakumbukira. A Chunga anali atamwa khofi, mtima ukuthamanga, ndiye anauza wantchito wawo kuti atsogole. A Samalani analowa atanyamula fayilo ya abwana awo, monga amanyamulira chilichonse cha abwana, yawo itatsala pampando. Tadala atawatchula kuti a Chunga, iwo anangowerama. Wantchito angatsutse namwino wovala zoyera? Pa leveni koloko a Chunga anangotola fayilo yotsalayo osaiwerenga.

Dokotala anatsegulanso zithunzi. Chifuwa cha mitsempha yotupa chinali cha munthu woonda, nthiti zili pamtunda. Anavula mandala. "Ali kuti bambo ameneyu?"

A Samalani foni analibe. Titawaimbira, mayi a Chunga anati wanyamuka kale, akagula khasu m'tauni n'kukwera minibasi ya kwawo. Akakwera basi, kumudzi adzagwira khasu ndi mtima umenewo popanda mankhwala.

Ndinakwera njinga yamoto koyamba m'moyo wanga, tayi ikuuluka. Ndinazungulira Msika wa Tsoka ndikufunsa ogulitsa. Mayi wina wa kaunjika anandikuwiza: "Madala, mwathawa kuukwati?" A Samalani ndinawapeza padepoti, phazi limodzi lili kale m'minibasi, khasu latsopano lili m'manja.

"A Samalani, tsikani!"

"Ndalakwa chiyani, bwana?"

"Inu simunalakwe. Talakwa ndife. Chithunzi chija n'chanu."

Kondakitala anakwiya: "Agogo, mukundibera pasenjala!" Ndinamuuza kuti aitane wina, uyu ndi wa dokotala.

Kuchipatala dokotala anawapepesa ataimirira, ndipo anawalembera mankhwala ochepetsa mafuta a m'magazi ndi a kuthamanga kwa magazi. Fodya wopichira anawaletsa. A Chunga atamva kuti mtima wawo uli bwino anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatembenukira kwa a Samalani: "Ndiye matenda ako unandisenzetsa ine? Kuyambira lero fayilo yanga ndinyamula ndekha." Khasu lija analanda, nalitsekera m'buti ya galimoto.

Padutsa zaka zitatu. A Samalani amabwera kudzayezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kapepala ka tsiku lobwerera kali m'thumba la pulasitiki. Chithunzi cha chaka chino chinaonetsa kuti kutupa kwachepa. Anandibweretsera mapapaya awiri.

Tsopano palibe amalowa m'makina asanatchule dzina lake ndi pakamwa pake, ndi mudzi wa kwawo womwe. Lamulolo ndinalilemba ndine, dokotala anasaina, ndipo kope lake ndili nalo. Makina amaona mkati mwa mtsempha, koma sadziwa kufunsa munthu kuti ndinu yani. Katoni yanga ija inapatsidwa kabati ya loko. Kiyi wina amasunga Tadala, ndipo timapepala tachikasu tikatha, ndiye amayamba kudandaula.