Thalauzi pa Khomo la Tchalitchi Kutsidya kwa Malire

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapita koyamba kudziko lina. Kwa ife a ku Biriwiri dziko lina si lakutali, ukangodumpha msewu wa tala wafika kale ku Mozambique. Koma ulendo umenewo unali wolowa mkati ndithu, kumudzi kwa malemu bambo anga, kumene ndinali ndisanapondeko chibadwire.

Mayi ndi bambo anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo obereka mayi anga. Chaka chimenecho kunabwera uthenga woti akuchimuna akonza misa yokumbukira bambo, ndipo ikatha misayo akuluakulu adzakhala pansi kukambirana za ine. Bambo anali atapereka ng'ombe za malowolo, choncho abale awo anali ndi mphamvu yonditenga. Agogo sanandiuze zimenezi. Ndinangowamva kudimba akuuza mnzawo, uku akupalira kachewere: "Amene ndikumuopa ndi mlongo wa bambo ake uja, Filomena. Akangoona kena kolakwika pa mwanayu, anena kuti ndalephera kulera."

Tinanyamuka Lamulungu m'mamawa, mwezi wa Juni, kukuzizira koumitsa zala. Tinapeza njinga zamoto ziwiri. Agogo anandiveka thalauzi ya jinzi yapakaunjika ndi juzi kuti mphepo isandipweteke panjira. Chitenje changa chatsopano ndi mpango anazipinda bwinobwino n'kuziika m'chikwama mwawo, kuopa fumbi.

"Tikayandikira titsika patchire uvale," anatero. "Kumeneko munthu wamkazi salowa m'tchalitchi ndi thalauzi, kaya ndi mwana. Ndipo kumutu amamanga."

Njinga yanga ndiyo inali patsogolo. Ya agogo inaphulika tayala pamtsetse wina, ife osaona. Wondinyamulayo anangoyendabe mpaka pabwalo la tchalitchi, ananditsitsa, n'kubwerera kukafuna mnzake.

Ndinaima ndekha pansi pa mtengo wa bulugamu. Amayi ankadutsa atavala zitenje zofika m'mapazi, zimene kumeneko amati kapulana, aliyense mpango kumutu. Ngakhale tiana toyamba kumene kuyenda tinali titamangidwa. Ine ndinali mbuu ndi fumbi, miyendo iwiri ili poyera ngati mnyamata woweta ng'ombe. Atsikana ena anandiloza n'kumanong'onezana kuti, "Wa ku Malawi." Ndinayang'ana kumsewu mpaka maso anawawa, koma agogo sanatulukire.

Belu litalira, mayi wina wamtali amene ankayang'anira pakhomo anabwera pamene ndinali. Anali ndi mendulo pakhosi ndi nkhope yosaseka.

"Iwe mwana, ukufuna kulowa chonchi? Kuno si kumsika ayi."

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anandigwira padzanja n'kunditengera kuseri kwa tchalitchi, m'kachipinda kosungiramo ng'oma ndi matsache. Pakona panali dengu la zitenje zakale ndi mipango, zosungira alendo obwera osadziwa. Anagwada, n'kupinda miyendo ya thalauzi yanga mpaka m'mawondo kuti isaonekere pansi. Chitenje chimene anandiveka chinkanunkhira sopo ndi utsi.

"Amako ali kuti?"

"Anamwalira."

"Nanga wabwera ndi ndani?"

"Ndi agogo. Njinga yawo yatsalira. Chitenje changa chili m'chikwama mwawo. Sanalakwe iwo ayi."

Sindinali mwana wolankhulalankhula, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene ndinawatenga mawu otsatirawo. Ndinati: "Chonde, mayi, musakawauze azakhali anga a Filomena. Akamva anditenga."

Manja awo anaima pamfundo ya mpango.

"Sufuna kukhala kuno?"

"Agogo saona bwino. Ndine ndimawalowetsera ulusi pasingano. Usiku akatsokomola ndimawapatsa madzi."

Mayiyo anakhudza mizere ya tsitsi langa ndi chala n'kufunsa amene anandiluka. Nditati agogo, anangoti, "Osaona bwinowo?" Anamaliza kumanga, anandipukuta kumaso ndi nsonga ya kapulana yawo, n'kundilowetsa kumbali ya amayi.

Agogo anafika ulaliki uli mkati, ali wefuwefu, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Atandiona nditavala, anatsinzina n'kupumira m'mwamba. Sanandifunse kanthu, ndipo ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera m'kachipinda kaja.

Misa itatha tinapita kumudzi. Anayala mphasa pabwalo, abambo anakhala pamipando. Mayi wamtali uja anabwera n'kukhala moyang'anizana nafe. Agogo anawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, a Filomena?"

Ndinaweramitsa mutu n'kumawerenga mabango a mphasa.

Bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, analankhula nthawi yaitali za ng'ombe, za magazi, za mwana amene sadziwa ngakhale manda a atate ake. Agogo ankangoyankha kuti "Zoona, bambo." Pomaliza onse anatembenukira kwa azakhali, chifukwa ndikanatengedwa ndikanakakhala m'nyumba mwawo.

"Achimwene," anatero azakhali, "mwanayu ine ndamuona kale. Waleredwa. Ngakhale pamene wachita mantha, amayamba waikira kumbuyo agogo ake. Musiyeni kumene aliko. Patchuthi azibwera adziwe kwawo." Kenaka anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mano awo. "Koma azitsika panjinga atavala kale. Ine mawondo ayamba kuvuta."

Agogo anayang'ana m'mphepete mwa chitenje changa, n'kuona nsonga ya jinzi itatsetsereka. Anagwira pakamwa, kenaka anaseka mpaka misozi, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichitikire maliro a mayi.

Lero ndimayenda m'maiko a eni pa ntchito yanga, ndipo Lamulungu likandipeza kumeneko ndimayamba ndafunsa mkazi wa komweko kuti amayi amavala bwanji popemphera. Kwina amati bisani mapewa, kwina amati vulani nsapato, kwina saona vuto ndi thalauzi. Sinditsutsa, ndimangovala. Ndili mwana ndinkaona ngati lamulo la pakhomo paja linaikidwa kuti ligwire anthu ngati ine. Tsopano ndimaona kuti azakhali sanalifewetse ngakhale pang'ono, koma sanafunenso kuti likhale chikwapu chomenyera mlendo. Anagwada n'kundiveka asanadziwe kuti ndine mwana wa mlongo wawo.

Agogo anamwalira ndili Fomu 4. Madzi omaliza ndinawamwetsa ndine.