Tsamba Langa la pa Wiki Linaphetsa Nkhuku ku Vubwi

Ndivomere poyamba: nkhuku zomwe zinafa ku Vubwi chaka chatha ndinaphetsa ndine, ngakhale sindinagwire mpeni.

Ndimagwira ntchito m'kabungwe ka alimi ku Katete. Timatumiza mauthenga a pa foni kwa alimi a kuno, ku Sinda ndi ku Vubwi, ndipo pulogalamu yotumizira ndinalemba ndine. Malangizo ake timasunga pa wiki, malo a pa intaneti pomwe aliyense wa ife angathe kuwerenga ndi kukonza. Mayi Mbewe, a ku ofesi yathu ya ku Vubwi, anandipempha kuti tiike kapulogalamu kowonjezera pa wikiyo, kosunga khodi, malamulo ouza kompyuta zochita, mmene yalembedwera ndi kufiiritsa mzere wolakwika. Ndinakana. Ndinati khodi ndinayamba kulemba iwo akadali pasukulu, maso angawa ngokwanira.

Chitopa chitamveka kumalire, alangizi a ziweto anakonza tsiku la katemera. Ine ndinali wa ku maliro a malume ku Sinda, choncho ndinakopera khodi n'kuiika pa wiki mothamanga kuti Mayi Mbewe atumize okha uthenga wa katemerayo. Sindinayang'anenso. Wiki inatenga zizindikiro zina ngati zokongoletsera tsamba n'kuzimeza, mndandanda wa midzi n'kuduka pakati.

Mayi Mbewe anaona kuti tsambalo silili bwino. Koma wiki imaonetsa dzina la wokonza, ndipo anaopa kuoneka akukonza za wamkulu wawo anthu onse akuona. Kundiimbira foni ndili pamaliro anachitanso manyazi. Anatumiza momwemo. M'midzi imene inaduka ija uthenga sunafike, ndipo otemera anapeza anthu ali kuminda, nkhuku zili m'tchire. Pasanathe mwezi zinayamba kugwa, ndipo mayi wina wamasiye anatsala ndi khola lopanda kanthu.

Nditawafunsa Mayi Mbewe, anayankha motsitsa mawu kuti, “Atate, ninaona, koma nikanayamba bwanji kukonza zolemba zanu?” Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa mantha amenewo ndinawaphunzitsa ndine.

Kapulogalamu kaja tinaika sabata yomweyo. Lero ntchito ikukoma, ndipo mtima wanga uli m'malo. Khodi imakhala m'bokosi mwake, mitundu ikuoneka bwino, ndipo ndikalakwitsa kapulogalamuko kamafiiritsa mzere osayamba kagwada. Anzanga amaseka, amati tapeza wosaopa imvi. Nawonso tsopano amakonza masamba anga momasuka, ine n'kumathokoza.

Inu owerenga, makamaka akuluakulu anzanga m'maofesi, wamng'ono akabwera ndi chida chothandiza, muyeseni kaye musanakane. Mukaika khodi pa tsamba, ikopereni pomwepo muiyese ngati ikugwira. Ndipo anzanu muwauze ndi pakamwa panu kuti ali ndi ufulu wokonza zanu. Ulemu umene ankandipatsa ndinkaukonda, koma amene anaulipira ndi mayi wamasiye uja wa ku Vubwi amene sandidziwa n'komwe.