Mkulu Wotembenuza Miyala

Mkulu woyandikana nafe amayamba walonjera tizilombo asanalonjere anthu. M'mawa uliwonse amatsetserekera kumtsinje umene umatumphuka pansi pa thanthwe la laimu m'mudzi mwathu muno ku Kashmir. Amapinda buluku, n'kumatembenuza miyala, kuwerenga tinkhono ndi timphutsi tomanga tinyumba tamchenga. Mwala uliwonse amaubwezera mmene unalili. "Ndi denga la eni ake," amatero.

Ife timangomuseka. Koma tsiku la ukwati wa Zahoor, mnyamata wa m'mudzi mwathu, mkuluyo anaimitsa amayi okatunga madzi a tiyi.

"Musatunge! Anansi anga afa onse."

"Inu madala, madzi oyera chonchi?" anakalipa mayi a mkwati. "Tizimvera mphutsi tsopano?"

"Mphutsizo zimagona momwemo. Inu mumangobwera ndi ndowa."

Anyamata atakwera phiri anapeza kuti wina watsukira pampu yopopera mankhwala m'minda ya maapozi padzenje pamene madzi amalowera pansi n'kudzatumphukira kumtsinje uja. Tiyi wa ukwatiwo tinaphikira madzi a mudzi wina.

Titapita kukamuthokoza mkulu uja tinamupeza ali chogwada m'madzi, mwala wopanda kanthu uli m'manja.

"Inu mwapulumuka," anatero. "Nanga awa anawachenjeza ndani?"