Phiri la njovu kuseri kwa nyumba yathu

Ndikukumbukira kalendala imene inali m'khitchini mwathu ku Bradford chaka chimene tinafika, ndili ndi zaka khumi. Amayi anali namwino, ndipo anaipatsidwa ulere kusitolo ya Matchaina komwe tinkagula mpunga ndi tchipisi. Mwezi uliwonse unali ndi chithunzi cha mzinda wa Guilin: mapiri osongoka ngati zulu, nsanja zakale za madenga opindikira m'mwamba, msodzi pabwato la nsungwi ali ndi mbalame zomugwirira nsomba. Chimene chinanditenga mtima chinali phiri looneka ngati njovu yoviika chitamba mumtsinje.

Pazenera pathu sipankaoneka zotero. Pankaoneka khoma lakuda, mabini atatu a zinyalala ndi mvula. Tsono msuweni wanga Tiyamike, amene tinkapikisana pa chilichonse ku Zomba, atalemba kalata kuti ndimutumizire chithunzi cha ku Ulaya, sindikanamutumizira mabini. Ndinadula njovu ija, zilembo za Chitchaina n'kuzichotsa bwinobwino, kumbuyo n'kulemba kuti, "Kuseri kwa nyumba yathu. Timasamba pano Loweruka lililonse."

Paja choipa chitsata mwini. Amayi atachira, azakhali, mayi ake a Tiyamike, anabwera kudzathandiza kulera khanda. Tsiku lachitatu, amayi ali mtulo, azakhaliwo anasolola chithunzi chija m'Baibulo mwawo.

"Iwe Chikondi, mvula yakata, tiye ukandionetse phiri lija. Mnzako anaonetsa sukulu yonse, ndiye akumunena kuti ndi wabodza. Ndinamulonjeza kuti ndikajambulitsa pomwepo."

Amayi akanamva, makutu anga akanaona zakuda, ndipo Tiyamike akanakhala choseketsa cha sukulu yonse chifukwa cha ine. Ndinawaveka jekete la bambo, n'kuwayendetsa msewu uwu ndi uwo, ndikuyembekeza kuti kuzizira kuwabweza. Sindinkawadziwa bwino azakhali.

"Kuseri kwa nyumba kwatalika bwanji," anatero tikudutsa kachitatu pamalo okwerera basi omwewo.

Nzeru zitandithera, ndinawalowetsa m'sitolo ya Matchaina muja, monunkhira anyezi wokazinga. Pakhoma panali chithunzi chomwecho, chachikulu kuposa chitseko.

"Ndi ili, azakhali."

Anayang'ana khoma, n'kuyang'ana ine.

"Ndiye umasamba pakhoma apa Loweruka?"

Ndinalira, ndipo mayi wa sitoloyo anatuluka kudzafunsa chavuta. Nditafotokoza ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenaka anatembenukira kuchithunzi chija. Anati kumeneko ndi kwawo, bambo ake ankasodza mumtsinje womwewo, ndipo papita zaka zambiri asanapiteko. Analoza ndi chala kumene kunali sukulu yake, kuseri kwa njovuyo. Ndinachita manyazi kuti ndinaba kwawo kwa munthu amene akukusowa.

Azakhali anamvetsera ndikuwamasulira, akugwedeza mutu mwachisoni. Atatero anakonza duku lawo.

"Tawauza mayiwa asunthe filiji ya zakumwayo, ikutchinga mtsinje. Jekete ili gwira."

Anaima pambali pa chitamba, manja m'chiuno, mayi uja n'kuwajambula ndi kamera ya bambo imene ndinanyamula. Pobwerera anandiuza kuti amayi sauzidwa kanthu, koma mbale zonse nditsuka ndine mpaka iwo adzakwere ndege. Ndinatsuka mbale miyezi isanu, amayi n'kumauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo wakula.

Masiku ano bodza lotere silingakhalitse. Mwana wa ku Zomba amangokuimbira pafoni ya kanema, n'kukuuza kuti utsegule zenera aone. Kalelo chithunzi chinali umboni, makamaka chikakhala ndi mayi wa mvano pakati pake.

Tiyamike anadziwa zoona atakula, atabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Rotherham. Ndinamuululira tili m'basi, ndikuganiza kuti aseka. Koma sanaseke.

"Chikondi, ukudziwa kuti ndinamenya anthu awiri chifukwa cha phiri limenelo? Wina anali mwana wa ahedi."