Timagalasi ta Apongozi Anga

Benchi yathu pamsika wa ku Greenwich ku London inali ya anthu atatu: amuna anga ogulitsa, ine wonyamula katundu pabasi kuchokera ku Thamesmead, ndi apongozi anga osoka. Apongoziwo anabadwira ku Sindh ku Pakistan, koma anakulira m'sitolo ya bambo awo ku Limbe, ndiye Chichewa chawo n'cha pakauntala, chachifupi ndi cholamula. Tinkagulitsa nsalu zodinda zotchedwa ajraki zimene abale ankatumiza, koma chokoka anthu chinali tizikwama ndi zipewa zokhala ndi timagalasi. Kagalasi kalikonse, kochepa ngati chikhadabo, ankakamanga okha ndi ulusi, popanda guluu. Ine singano sankalola kuti ndiikhudze, ati anamwino timadziwa jakisoni basi.

Chaka chimene maso awo anayamba kuchita nkhungu, timagalasi tinayamba kugwa. Makasitomala anayamba kubweza katundu. Tsiku lina tikulongedza, amuna anga anandinong'oneza kuti, "Mum apume basi. Tizingooda zosokeratu, it's cheaper."

Ndinapsa mtima. Mwamuna ameneyu, mwana wobereka okha! Ine ndimasamalira okalamba, ndipo ndaona zimene zimachitika munthu akalandidwa ntchito ya manja ake. Amakhala pawindo n'kuyamba kufota. Mayi ameneyu anzake onse anatsala kutali, London amangoidziwira pawindo la basi. Akasiya kusoka adzadzukiranji m'mawa?

"Musawauze kanthu," ndinatero. "Zisiyeni kwa ine."

Ndinamasula chipewa chimodzi chobwezedwa kuti ndione mmene ulusi umayendera. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene apongozi amaliza ndinkachilowetsa m'chikwama changa cha kuntchito. Anzanga akamamwa tiyi pa buleki, ine ndili kalikiliki ndi kagalasi, kukalimbitsa. Zala zinabooka, koma zobwezedwa zinatha. Amuna anga ankangoyenda monyada ngati nzeruyo ndi yawo.

Loweruka lina apongozi anaumirira kupita nafe kumsika. Tinawakhazika pampando kuseri kwa benchi, atavala majasi awiri chifukwa cha mphepo ya mumtsinje. Amuna anga atapita kukagula khofi, iwo anatola kachikwama n'kuyendetsa chala chachikulu mozungulira kagalasi. Anatola kena.

"Ichi sindinasoke ine," anatero. "Mfundo yanga imabisala pansi. Iyi yakhala pamwamba ngati nkhupakupa."

"Pepani, Amayi. Ndine."

"Kuyambira liti?"

"Nthawi yozizira ija. Timagalasi timagwa."

Anaika kachikwamako pamiyendo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Koma anangoti motsitsa, "Ndiye kuti maso atha."

Misozi inandituluka pomwepo, pakati pa anthu odutsa. Ndinkawakonda mayi amenewa kuposa mmene ndinkadziwira, ndipo ndinaona kuti chimene ndinkawateteza nacho ndi chimene chawapweteka. Ndinagwada pambali pa mpando wawo.

Anafufuza dzanja langa, nagwira nsonga za zala mmene munali mabala a singano. Anazisisita kanthawi.

"Ukukoka ulusi ngati ukusoka chilonda," anatero. "Galasi silifuna ukali, mwana wanga. Mawa ukhale pafupi ndi ine. Iwe uziona, ine ndizimva ndi chala. Koma mwamuna wakoyo usamuuze kuti ndadziwa. Akudziona wochenjera, musiye."

Mpaka lero timasoka awiri patebulo la kukhitchini. Iwo amasankha kagalasi ndi kukagwira, ine ndimalowetsa singano, kenako chala chawo chimadutsa pambuyo kuweruza. Maso aja sakuonanso ngakhale mtundu wa ulusi, koma m'mawa uliwonse ndi iwo amene amandidzutsa, kugogoda chitseko kuti ntchito ikudikira. Dzulo lomweli andimasulitsa chipewa chonse, ati ndi manyazi kuchiika pabenchi yathu. Ndinachimasula ndikuseka.